Kayaki yanu muziisunga pati? Tiyerekeze masitandi opanga nokha kuno ku Mzuzu

Anthu okhala ndi kayaki, kabwato kowonda kopalasa ndi nkhafi, kuno ku Mzuzu si ambiri koma alipo ndithu, ena anagula kwa azungu obwerera kwawo kontirakiti itatha, ena kumaloji a kunyanja pamene amagulitsa zakale, enanso anachita kuitanitsa ku South Africa pathiraki. Vuto lawo ndi limodzi. Nkhata Bay ili pamtunda wa makilomita pafupifupi 50 kutsetsereka ndi msewu wa M5, mafuta ndi momwe alilimu, ndiye kayaki ija masiku ambiri imagona pakhomo, pamadzi imapitako mwa apo ndi apo. Ndipo ambiri imawaonongekera pakhomo pompo, itangogonekedwa kuseri kwa nyumba pafupi ndi diramu la madzi, ana akuseweramo, nkhuku zikuikiramo mazira.

Musanathamangire kwa kalipentala kapena kwa welda, dziwani kaye chomwe chimapha kayaki. Makayaki ambiri omwe timawaona kunoku ndi apulasitiki ya polyethylene, aja mumakhala pamwambawa, okhala ndi timabowo totulutsira madzi pansi. Pulasitiki imeneyi pamwala ndi pamchenga ilibe mantha, koma ikatenthedwa imafewa, ndiye ikafewa ili chitsamire pa chinthu chowonda ngati paipi kapena m'mphepete mwa thabwa, pamalo pamenepo pamalowa mkati. Mimba ikapindika choncho kayaki siyendanso mowongoka, inu mukupalasa iyo ikukhotera mbali imodzi, mwera n'kukupezani pakati mutatopa kale. Nthawi zina kadzenjeko kamabwerera mukaiyanika padzuwa mimba ili m'mwamba kapena mukathirapo madzi otentha, koma kakakhalitsa miyezi sikabwerera konse. Afaibagalasi vuto lawo ndi lina, safewa choncho koma amang'aluka akagwa kapena akagundidwa.

Komanso kuzizira kwa Mzuzu kusakupusitseni. Tili pamwamba, mamita opitirira 1,200, dzuwa la mu Okutobala ndi Novembala limadya pulasitiki osachita phokoso, mtundu umayamba kusuluka, yofiira ija n'kukhala yotuwa, kenako imauma n'kuyamba ming'alu. Mvula yathu ija yosafuna kutsanzika mpaka Epulo, kuphatikiza nkhungu ndi mawawa a mu Juni ndi Julayi, kayakiyo sizimaikhudza kwenikweni, chomwe zimadya ndi sitandi yanuyo, thabwa kuwola, chitsulo kuchita dzimbiri, chiswe kukwera.

Ndiye kaya musankha njira iti, pali zinthu zosasintha. Kayaki izitsamira malo awiri, osati kumapeto kwenikweni ayi, mulowe mkati ngati gawo limodzi la magawo atatu kuchokera kumutu ndi kumchira. Ya mamita 3.6, mpata pakati pa malo awiriwo ukhale mamita 1.2 mpaka 1.5. Mukatalikitsa kwambiri imagwa pakati, mukafupikitsa mitu imalendewera. Igone chammbali kapena movundikira, chifukwa m'mbali ndi m'milomo ndi momwe pulasitiki ili yolimba, pamimba ndi pofewa. Ndipo musaipachike ndi tizogwirira takumutu tija, anatipangira kunyamulira kuchoka pagalimoto kufika pamadzi basi.

Njira yotchipa kuposa zonse ndi matayala akutha. Awiri pansi, kapena awiriawiri osanjikiza, kayaki movundikira pamwamba, mwamaliza. Kwa munthu amene wangogula kumene ndipo m'thumba mwapita mphepo, bola zimenezi kusiyana ndi kuisiya pasimenti kapena padothi. Koma tayala limasunga madzi, musanazindikire mwatsegula famu ya udzudzu pansi pa windo la kuchipinda, ndiye abooleni ndi dirilo kapena chitsulo chamoto. Ndipo popeza ili pafupi ndi dothi, makoswe, achule ngakhale njoka zimapezamo pogona, mvula ikamatsika pamalata matope onse amawazikira mmenemo. Ine njira imeneyi ndimaitenga ngati yodikirira malipiro, osati yokhalitsa.

Mabulaketi apakhoma ndi omwe amakopa anthu akaona pa YouTube, kayaki chammbali pakhoma, pansi pali mbee, malo osadyeka. Koma makoma a m'mavidiyo amenewo ndi amatabwa mkati, munthu amangopeza thabwa n'kumanga sikuluwu. Athu ndi ena. Nyumba zambiri za ku Chibavi, Mchengautuwa, Chiputula, Zolozolo uku ndi za njerwa zootcha zomangira dothi, simenti ndi ya pulasitala yokha. Tengani msomali mukande pakati pa njerwa pomwe pulasitala anagumuka, mukaona fumbi lofiira likuyoyoka dziwani kuti bawuti yapakhoma sigwira, ilimba sabata yoyamba kenako iyamba kugwedera, tsiku lina pakati pa usiku mudzangomva phuu agalu n'kuyamba kuuwa. Mabuloko a simenti nawonso ali ndi mphako, bawuti ikagwera pamphako imangozungulira. Kayaki ya munthu mmodzi imalemera makilo 20 mpaka 30, ya anthu awiri imafika 35 kapena 40, ndipo ikakhala chakumapeto kwa mkono wa bulaketi mphamvu yozula bawuti yapamwamba ija imachuluka kuposa makilo amenewo. Chomwe chimagwira zedi ndi kuboola khoma mpaka kuseri, kulowetsa bawuti yaitali, kuseriko n'kuika kachitsulo kafulati kapena thabwa ndi washala wamkulu. Apo ndiye simudandaulanso. Koma ngati nyumba ndi yalendi kafunseni kaye a landilodi, ambiri akangomva zoboola khoma nkhope imasintha pompo, ndipo potuluka adzakuwerengerani za kukonza.

Kupachika kudenga ndi zingwe kumathandiza amene ali ndi galaja kapena khonde lalitali. Mapule awiri (timawilo todutsitsapo chingwe), chingwe cha nayiloni, malamba awiri otakata ozungulira mimba, mukoka n'kumangirira pachitsulo pakhoma, pansi galimoto ikulowa bwinobwino. Chondidetsa nkhawa ndi mathirasi. Athu ambiri ndi a ma 2x3 kapena 2x4 okhomera misomali, anawapangira kunyamula malata basi, ena chiswe chinawalowa kale mkati kunja akuoneka abwinobwino. Musakoloweke pathabwa limodzi, yalani lina lopingasa pamwamba pa mathirasi awiri kapena atatu kuti katundu agawike, ndipo chingwe chizungulire thabwa lonse osati kudalira kahuku kopotera. Kwinaku kuli kutentha, pansi penipeni pa malata opanda siling'i masana a mu Okutobala ndi ng'anjo, ndi pomwe pulasitiki imafewera msanga, ikalendewera pachingwe chowonda chimasiya mzere wake. Itsitseni theka la mita kuchoka kumalata, lamba akhale wotakata masentimita 5 kapena kuposa. Pakhomo pamene pali ana okonda kugwiragwira zingwe ine sindingalimbikitse, makilo 30 kutsika kuchoka kudenga si masewera.

Mapaipi a PVC ndiwadutsa mwachangu. Amadulika ndi sowo wamba, sachita dzimbiri, chiswe sichiwafuna, ndi opepuka. Koma otchipa aja ndi opyapyala, a madzi oipa ochoka m'sinki, amapindika ndi kayaki imodzi yomwe. Olimba ndi aja a madzi amphamvu, a mamilimita 50, ndipo mukawerengera ma T, maelibo ndi guluu mupeza kuti mwafika kapena kupitirira mtengo wa matabwa. Padzuwa nawonso amauma n'kumathyoka ngati simunawapake penti. Kayaki imodzi yaing'ono m'galaja, chabwino. Kusanjikiza ziwiri zitatu, ayi. PVC imakoma popanga kangolo kokokera kayaki kuchoka pagalimoto kutsikira kugombe, koma iyo ndi nkhani ya tsiku lina.

Chitsulo tsopano. Mawelda ndi mbwee mtauni muno, ku Luwinga ndi m'malokeshoni monse, aliyense wopanga mageti ndi mafulemu a mawindo sitandi ya kayaki angaimalize tsiku limodzi magetsi akalola. Kwa amene ali ndi makayaki atatu anayi, kapena amabwereketsa alendo, njira ndi imeneyi. Sikweya chubu cha mamilimita 40x40, mizati iwiri, mikono yotuluka mbali imodzi kapena zonse ziwiri, mapazi aatali pansi. Koma pogula chubucho mukhale pompo achimwene. Chilipo chopyapyala chomwe chimakondedwa chifukwa chotchipa, yang'anani pomwe chadulidwa, kukhuthala kwake kukhale mamilimita 1.6 kapena 2, chochepera apo ndodo yowotcherera imachiboola ndipo pajoini ya mkono ndi pomwe chimadzathyokera. Pansi pa mkono uliwonse aikepo kachitsulo kopendekera kochirikiza. Muwauzenso kuti sitandi ikhale ya zidutswa zolumikiza ndi mabawuti, chifukwa akaiwotcherera yonse chimodzi mudzalephera kuilowetsa pageti laling'ono, ndipo tsiku losamuka pikapu idzadzaza ndi sitandi yokha katundu wina atatsala.

Mdani wa chitsulo ndi dzimbiri, ndipo ndi chinyontho cha kunoku chubu chimayambira kuwola mkati. Atseke milomo yonse yapamwamba, pansi asiye kabowo kotulutsira madzi, apale ndi sandipepa, apake kaye penti yoteteza dzimbiri ya red oxide kenako penti yamafuta kawiri. Ena amangopaka yakuda kamodzi pamwamba pa dzimbiri kuti iwale tsiku lokatenga, mvula imodzi yokha dzimbiri latulukanso. Ndipo chitsulo chisakhudzane ndi kayaki chopanda chokutira, padzuwa chimatentha n'kudinda mzere pa pulasitiki.

Matabwa ndi omwe ine ndimawakondera, ndinene poyera, makamaka kwa ife a nyumba zalendi okhala ndi kayaki imodzi kapena ziwiri. Mzuzu ndi tauni ya paini. Nkhalango ya Viphya ku Chikangawa, ija anaikuza m'zaka za m'ma 1960 poganiza zomanga fakitale ya mapepala yomwe sinamangidwe, mahekitala opitirira 50,000, ngakhale moto ndi kudula mosasamala zaidya kwambiri, matabwa akadafikabe m'misika ngati wa Zigwagwa, ndipo ife tili pafupi nawo kusiyana ndi anzathu a ku Lilongwe ndi Blantyre. Sowo, dirilo ngakhale yamanja, sipanala ndi tepi, basi mwapanga nokha Loweruka.

Kugula kwake ndiye pofunika maso. Ambiri amakhala aawisi, ocheka dzana. Linyamuleni thabwa, laliwisi limalemera ndipo limazizira m'manja, utomoni n'kukumatani zala. Liimikeni mutu umodzi pansi wina padiso muyang'ane kutsata m'mphepete, lokhota ndi lopotoka mudzaliona pompo, wogulitsa angakuuzeni kuti liwongoka mukakhoma koma musamvere. La mfundo zazikulu zakuda pakati lisiyeni, pamfundo ndi pomwe mkono umathyokera. Mukapeza aawisi okhaokha asanjeni pamthunzi ndi timitengo pakati pawo milungu ingapo, mukafulumira kukhoma sitandi idzapotoka yokha ikamauma, mabawuti n'kukhwefuka.

Kapangidwe kosavuta ndi aka, ma 2x4 okhaokha. Mbali ziwiri zofanana, iliyonse ndi mzati wa mamita 1.6, phazi pansi ndi mikono iwiri kapena itatu. Mikono ituluke masentimita 80 kapena 90 chifukwa makayaki okhala pamwambawa ndi otakata, ambiri 75 mpaka 85, koma yesani yanu ndi tepi musanadule. Mkono uzikwera pang'ono chakumapeto kuti kayaki izitsetserekera kumzati osati kwa inu. Wapansi ukhale masentimita 40 kuchoka pansi, enawo mpata wa 50 kapena 60, wapamwamba usapitirire paphewa panu, chifukwa mukafika usiku kuchokera kunyanja manja atalema, kukweza chinthu pamwamba pa mutu n'kumene anthu amapwetekera msana. Phazi likhale lalitali kuposa mkono, apo ayi tsiku lomwe mudzachotse yapansi yapamwamba ilipobe sitandi yonse idzakugwerani. Yolemera izikhala pansi nthawi zonse.

Mbali ziwirizo muzilumikize ndi matabwa awiri opingasa, pamwamba ndi pansi, ndiye musaiwale lina lopendekera kuchoka ngodya yapamwamba kufika yapansi mbali inayo. Makalipentala ena amaliona ngati kuononga thabwa, koma popanda limeneli sitandi imavina uku ndi uku mukamakankha kayaki mpaka misomali kusolola. Ndipotu pamikono musakhome misomali, boolani muike mabawuti a mamilimita 10 awiri pa mkono uliwonse, ndi mawashala mbali zonse chifukwa paini ndi wofewa, nati imalowa m'thabwa mukamamanga. Ubwino wina wa mabawuti, posamuka mumangomasula n'kumanga mtolo, ngakhale pawilibala umakwana.

Chiswe ndi chinyontho mumathana nazo kumapazi. Thabwa lisagunde dothi, likhale panjerwa kapena pabuloko, pakati muikepo kachidutswa ka malata kapena ka pulasitiki yakuda ija ya pamaziko. Mankhwala otetezera matabwa amapezeka m'mahadiweya, ndipo pomwe mwadula pakani kwambiri chifukwa ndi pomwe thabwa limamwera madzi. Oyilo wakuda wa kugalaja amene ambiri timadalira amathandizadi, koma pakani kumapazi kokha, pamikono ayi, adzadetsa kayaki ndi zovala ndipo mudzakamutsukira m'nyanja momwe anthu amatungamo madzi akumwa. Nthawi ya mvula muzisuzumira kumapaziko pafupipafupi, mukaona kanjira ka dothi kakukwera njerwa kagumuleni.

Amene muli papuloti yanuyanu muli ndi mwayi wina, mapolo a bulugamu okumbira pansi. Mapolo 4 kapena 6, mitanda yopingasa, pamwamba malata akale atatu anayi, chimatuluka ngati thandala la mbale lomwe lakula msinkhu. Iyi yokha ndi imene imabwera ndi mthunzi wakewake, ndipo mphepo siigwetsa. Koma bulugamu wosathira mankhwala m'dothi lonyowa la kunoku sakhalitsa, amawolera pomwe polo wakumana ndi dothi, ndiye funani mapolo othira mankhwala, apo ayi wambani kutsinde pamoto n'kupaka oyilo. Mukathira konkire musapange chosungira madzi, pansi pa dzenje muikemo miyala kaye, pamwamba konkire itsetsereke kuchoka ku polo. Nsungwi ena amayesa, ndi zotchipa inde, koma tizilombo toboola timazisandutsa ufa ndipo zimang'aluka pamsomali. Zingagwire ntchito ya phaso la denga basi.

Tsopano pomwe ambiri amaphonya atatha kale ndalama pachitsulo chabwino. Chomwe chikukhudza kayaki ndiye chofunika kuposa chomwe chanyamula. Sitandi ya matabwa otsala pomanga nyumba yokhala ndi malamba imasunga kayaki bwino kuposa ya chitsulo chonyezimira yopanda chofewetsa. Pitani kwa ophwasula magalimoto mukagule malamba a pampando akale, ndi otakata, olimba, ndipo amatsatira momwe kayaki yakhotera. Kumapeto kwa mkono mukhomepo kathabwa koimirira, lamba achoke pamenepo kukafika kumzati atalendewera pang'ono, kayaki izikhala palamba osafika pathabwa (mukatero onjezerani mpata pakati pa mikono chifukwa kathabwako kamadya malo polowetsa). Pindani lambayo kawiri kumapeto, sikuluwu ndi washala, msomali wokha umang'amba. Malamba akasowa kulungani mikono ndi kapeti wakale, siponji ya matiresi kapena hozipaipi yong'amba pakati. Kapeti ndi siponji panja zimamwa madzi n'kuchita chuku, ndiye zimenezo ndi za pakhonde kapena m'galaja. Mphira ya chubu cha tayala imagwira koma imasiya zakuda pa kayaki yowala.

Ngati sitandi ili panja ndipo mukuphimba ndi lona, musamukulunge mothina pa kayaki, madzi amatsekeredwa mkati ndipo masana mumatentha kuposa kunja. Mumangeni pamwamba ndi zingwe, m'mbali mpweya uzidutsa. Musanaikweze pasitandi tsegulani kachivundikiro ka kabowo kotsanulira madzi, kamene nthawi zambiri kamakhala kumchira, mutsanule madzi onse olowa mkati, otsalira mkati amawonjezera kulemera pomwe yatsamira. Nkhafi, mpando wansalu ndi majekete oyandamitsa zilowe m'nyumba, makoswe amakonda siponji ya m'majekete amenewo ndipo dzuwa limawoletsa ulusi wake. Yomwe yakhala miyezi osatsika igogodeni kaye musanalowetse dzanja, mavu amamangamo.

Za akuba musamati chinthu chachitali chonchi angachibe bwanji, anthu awiri amachidumphitsa mpanda osatuluka thukuta. Lowetsani tcheni m'kamodzi mwa timabowo totulutsira madzi tija, tchenicho muchiveke hozipaipi kuti chisakande komanso chikhale cholendewera osati chokoka, chifukwa timabowoto tikang'aluka kayaki imalowa madzi mkati ndipo kumata kwake n'kovuta. Apa ndi pomwe sitandi yanga yokondedwa ya matabwa imagonjera chitsulo ndi mapolo okumbira, munthu wa sipanala angamasule mzati n'kusolola tcheni. Ndiye loko musamukhomere kusitandi, tcheni chizungulire nsanamira ya khonde kapena chitsulo cha pawindo, kapena mukumbe kadzenje pambali pa phazi muthiremo konkire ndi kachitsulo kopinda kotulukira pamwamba.